MAU AWIRI A CINGEREZI ONENA ZA MUNTHU WAMAKANI

M'mudzi uli wonse mumapezeka munthu amene anzace amucha wamakani. Akuru akamuuza kuti asaoloke mtsinje pamene madzi adzaza, iye aoloka ndithu. Anzace akamuonetsa kuti mzati wa nyumba yace wapendama, iye ati uli coongoka, ndipo saukhudza, ngakhale maso ace aona kuti anzacewo anena zoona. Cinyanja ciri ndi mau ambiri onenera munthu wotere: wamakani, waliuma, wouma khosi, nkhutukumve. Makolo anasiyanso mwambi wakuti wosamva adamva nkhwangwa iri m'mutu.

Cingerezi naco ciri ndi mau ace. Awiri amene mwana wa sukulu akomana nao kawirikawiri m'mabuku ndi awa: "stubborn" ndi "obstinate." Onse awiri ali a mtundu umene Angerezi aucha "adjective," ndiye mfotokozi, mau ofotokoza mkhalidwe wa munthu kapena wa cinthu. Mauwa sali obvuta, koma ana ambiri amawaika posayenera, ndipo potero amanenera munthu zimene sanafune kumnenera. Mbiri ya munthu ndiyo cuma cace, ndipo mau amodzi olembedwa molakwa m'kalata akhoza kuiononga. Cifukwa cace nkwabwino kuwadziwitsa mauwa.

Kumene mauwa anacokera

Mau onse awiri ndi akale. Geoffrey Chaucer, mlembi wa ku London amene anamwalira m'caka ca 1400, anawalemba onse awiri m'buku lace lochedwa The Canterbury Tales, ngakhale kalembedwe ka masiku amenewo kanasiyana pang'ono ndi ka lero. Motero Angerezi akhala akunena mauwa zaka zoposa 600.

"Obstinate" anacokera ku Cilatini, cinenero ca Aroma akale. Muzu wace uli pa cibale ndi mau a Cilatini otanthauza kuima, ndipo "ob" wa kuciyambi anena za kutsekereza kapena kutsutsa. Mwana wodziwa ici aona cithunzi m'mtima mwace: munthu waima pakati pa njira, anzace amkoka, amdandaulira, koma iye sasuntha phazi. Mau akuti "obstacle," ndico copinga ca pa njira, anacokera ku muzu womwewo. Koma "obstacle" ndi dzina la cinthu, ndipo "obstinate" afotokoza mkhalidwe, tsono awiriwa sayenera kusokonezedwa.

"Stubborn" ndiwo mau a pakhomo ndi a kumunda, amene ana ndi akuru anena tsiku ndi tsiku. "Obstinate" apezeka makamaka m'mabuku, m'makalata ndi pakamwa pa munthu wolankhula mosamala.

Tanthauzo lace

Mau onse awiri anena za munthu wosafuna kusintha maganizo ace kapena macitidwe ace, ngakhale ena amuonetsa cifukwa cabwino cakuti asinthe. Pamenepa pali zinthu ziwiri zimene ziyenera kuoneka pamodzi: wina wayesa kumtembenuza, ndipo iye wakana. Popanda kukanako, palibe makani.

Koma awiriwa asiyana pang'ono. "Obstinate" pafupifupi nthawi zonse ndi mau odzudzula; woanena aonetsa kuti munthuyo akana popanda nzeru. "Stubborn" nayenso adzudzula kawirikawiri, koma nthawi zina atamanda. Anthu owerengeka akachinjiriza mudzi wao kwa adani ambiri, osalola kugonja, Mngerezi anena za "stubborn resistance," ndipo potero awalemekeza.

Mauwa sanena za anthu okha, anenanso za nyama ndi zinthu zimene zikana kucita cimene munthu afuna. Utomoni wa nthoci ukadonthera pa malaya, banga lace silicoka ngakhale mai acape ndi sopo kangapo, limenelo ndi "a stubborn stain." Cifuwa cosamva mankhwala ndi "a stubborn cough," kapena "an obstinate cough." Citsa ca mtengo wa tsanya cimene catha mapini atatu osazuka ndi "a stubborn stump." Pano Cingerezi ndi Cinyanja zilingana, pakuti Mnyanja nayenso anena kuti citsa cakana, ndi kuti nthenda siikumva mankhwala, monga ngati citsa ciri ndi pakamwa ndi nthenda iri ndi makutu.

Angerezi ali ndi fanizo lakuti "as stubborn as a mule." "Mule" ndiyo nyuru, nyama imene atate wace ndi buru ndipo mai wace ndi kavalo. Nyuru ndi yamphamvu, isenza katundu wolemera m'njira za m'mapiri, ndipo kawirikawiri siibala. Ikaima, yaima, ndipo mwini wace athyola ndodo pacabe. Fanizoli liri ngati mwambi, ndipo mwambi susinthidwa. Mwana amene sanaonepo nyuru asaikepo mbuzi m'malo mwace cifukwa cakuti mbuzi ndiyo aidziwa.

Malo ace m'ciganizo

M'Cinyanja dzina litsogola, ndipo mfotokozi atsatira: mnyamata wamakani. M'Cingerezi mfotokozi ndiye atsogola: "a stubborn boy." Wolemba "a boy stubborn" walemba Cinyanja ndi mau a Cingerezi.

Patsogolo pa "stubborn" pakhala "a," koma patsogolo pa "obstinate" pakhala "an," cifukwa mauwa ayamba ndi liu la "o." Tsono kuyenera kulembedwa "a stubborn girl," koma "an obstinate girl."

M'Cinyanja mfotokozi asintha mutu wace kuti agwirizane ndi dzina: mnyamata wamakani, anyamata amakani, mbuzi yamakani, mbuzi zamakani. M'Cingerezi sasintha konse. Anyamata angakhale khumi, ali "stubborn boys." Cilembo ca "s" cionjezedwa pa dzina lokha, ndipo "stubborns boys" ndi kulakwa.

Mfotokozi akabwera pambuyo pa dzina, afuna mneni woti amlumikize nalo, monga "is," "are," "was," "were":

The ox is stubborn.
The children were obstinate.

Kulakwa kuwiri kumaoneka pano. Koyamba ndi kwa mwana amene aganiza m'Cinyanja kuti, "Ali ndi makani," nalemba "He has stubborn." Mngerezi sanena comweco, anena "He is stubborn." Kwaciwiri ndi kusandutsa mfotokozi akhale mneni, monga "He is stubborning" kapena "She stubborned." Mau otere mulibe m'Cingerezi. Wofuna kunena kuti munthu ali kucita makani pa nthawi yomweyo anena "He is being stubborn."

Pofuna kuchula cinthu cimene munthu acitira makani, mau olumikiza ndi "about":

Grandfather is stubborn about taking medicine.

Ndiko kuti agogo acita makani pa za kumwa mankhwala. Pambuyo pa "obstinate" pakhoza kubwera "about" yemweyo, kapena "in," monga "She was obstinate in her refusal," ndiko kuti anaumirira pa kukana kwace.

Palinso "too" ndi "very," mau amene ana amawayesa amodzi. "Very stubborn" ndi wamakani kwambiri. "Too stubborn" ndi wamakani mopitirira muyeso, kotero kuti makaniwo amletsa kucita kanthu kena; ndipo kanthuko katsata pambuyo pa "to":

He is too stubborn to ask the way.

Munthu ameneyu wasokera, koma makani amletsa kufunsa njira. Ndiye uja makolo anamnena kuti safunsa adadya phula.

Poyerekeza awiri kapena ambiri

Mau aafupi a Cingerezi alandira "er" ndi "est" kumapeto poyerekeza, monga "tall, taller, tallest." Mau aatali satero, koma atsogozedwa ndi "more" ndi "most." "Obstinate" ali m'gulu la mau aatali: "more obstinate, most obstinate." "Stubborn" ali pakati. M'mabuku ena mupezeka "stubborner" ndi "stubbornest," koma ambiri alemba "more stubborn" ndi "most stubborn," ndipo mwana wotsata njira imeneyi salakwa. Cosaloleka ndi kuphatikiza ziwirizo, monga "more stubborner."

The donkey is more stubborn than the ox.
She is the most obstinate child in the village.
He is as stubborn as his brother.

Ciganizo coyamba ciyerekeza ziwiri, ndipo cifuna "than." Caciwiri cisankha mmodzi mwa ambiri, ndipo cifuna "the." Cacitatu cinena kuti awiriwo alingana, ndipo "as" aima mbali zonse ziwiri za mfotokozi.

Mau obadwa kwa mauwa

Mfotokozi ali yense mwa awiriwa ali ndi ana ace awiri. Mwana mmodzi anena m'mene cinthu cacitikira, ndipo atha ndi "ly": "stubbornly," "obstinately," ndiko kuti mwamakani. Mwana wina ndi dzina la mkhalidwewo: "stubbornness," "obstinacy," ndiwo makani kapena liuma.

He stubbornly refused to move.
His obstinacy cost him his crop.

Ciganizo cotsirizaci cinena za mlimi amene anataya dzinthu zace cifukwa ca makani, monga uja akana kubzala ndi mvula yoyamba pamene anzace onse abzala.

Kulemba ndi kuchula

"Stubborn" ali ndi zilembo 8, ndipo "b" alembedwa kawiri. Mu "stubbornness" muli "b" awiri, "n" awiri pakati, ndi "s" awiri kumapeto. "N" awiriwo abwera cifukwa "stubborn" atha ndi "n," ndipo "ness" ayamba ndi "n." "Obstinate" ali ndi zilembo 9, natha ndi "ate." "Obstinacy" atha ndi "acy," ndipo muli "c" kumeneko, si "s" ai.

Pochula, mphamvu ya liu igwa pa cigawo coyamba ca mau onse awiri. "U" wa mu "stubborn" amveka monga wa mu "cup," ndipo anthu ambiri a ku England sachula "r" wace. "Ate" wa kumapeto kwa "obstinate" ndi wamfupi ndi wofooka, samveka monga wa mu "late." Lilime la Mnyanja lizolowera kuika "a," "e," "i," "o" kapena "u" kumapeto kwa cigawo ciri conse, tsono lifuna kunena "sitaboni." Mwana ayese kulumikiza "s" ndi "t" popanda "i" pakati, ndi kutsiriza pa "n" osaonjeza kanthu. Poyamba kubvuta, koma lilime liphunzira monga dzanja liphunzira khasu.

Mau ena apafupi

Pali mau enanso amene mwana adzakomana nao. "Headstrong" ndi munthu wothamangira kucita za m'mutu mwace osamva malangizo, ndipo anenedwa makamaka za anyamata ndi atsikana. "Pig-headed," ndiko kuti wa mutu wa nkhumba, ndi mau acipongwe, osayenera m'kalata kapena pamaso pa akuru. "Obdurate" anacokera ku mau a Cilatini otanthauza cinthu colimba, ndipo anena za wouma mtima amene misozi ya mnzace siimfewetsa. "Stiff-necked" ndiye wouma khosi. Mauwa apezeka m'Baibulo la Cingerezi la caka ca 1611, pa Eksodo 32:9 ndi pa Macitidwe 7:51, ndipo cithunzi cace ndi ca ng'ombe imene iumitsa khosi, yosalola kuti woitsogolera aitembenuze.

Kulakwa kuwiri kwakukuru

Zolakwa zonse zachulidwa kufikira pano ziononga ciganizo cokha. Ziwiri zotsatazi ziononga munthu.

Coyamba ndi kucha "stubborn" mwana ali yense wobvuta. Mwana wokwera m'mitengo ya mango a eni, wosewera m'kalasi, woseketsa anzace pa nthawi ya phunziro, ndi wopulupudza, ndipo Cingerezi cace ndi "naughty." Woyankha akuru mwamwano ndi "rude." Wothawa nchito ya kumunda ndi "lazy." Wosamvera lamulo ndi "disobedient." Mwana wopulupudza akhoza kuleka msanga akadzudzulidwa, nalira, napepesa; ameneyo sali "stubborn" konse. Ndipo pali mwana wina wofatsa, wosacita phokoso, amene akauzidwa kuti samu yace yalakwika angokhala cete, osaikonza, mawa nabwereza momwemo. Ameneyo ndiye "stubborn."

Caciwiri ndi kuyesa kutamanda munthu ndi mau odzudzula. M'Cinyanja kuumirira ndi kulimbikira ziyandikana, pakuti wouma khosi saleka, ndipo wakhama nayenso saleka. Mwana akafulumira, aganiza kuti mau amodzi a Cingerezi akwanira onse awiri. Kungacitike motere. Munthu wina wosadziwa kulemba afuna nchito ya ulonda pa sitolo, napempha mphwace wa pa sukulu kuti amlembere kalata ya Cingerezi. Mwanayo akonda amalume ace, ndipo adziwa kuti iwo akayamba nchito saisiya isanathe. Tsono alemba, "My uncle is a very obstinate man." Mwini sitolo powerenga amva kuti munthuyu salangizika, ndipo apatsa wina nchitoyo. Amalume abwerera kumudzi osadziwa cimene cawamanitsa, ndi mwanayo osadziwa kuti ndi dzanja lace lomwe.

Mau otamanda munthu wosaleka alipo ambiri. "Determined" ndi wotsimikiza mtima. "Persevering" ndi wakhama, wopirira pa nchito yobvuta. Za iye makolo anati kanthu ndi khama, phwiti adakwatira njiwa. "Firm" ndi wosagwedezeka pa cimene wanena. "Steadfast" ndi wokhazikika pa coonadi ngakhale pa masautso. Mwana uja akadalemba "a persevering man," kalata yace ikadanena zimene zinali mumtima mwace.

Munthu wa ku Bedford

Kusiyana kwa makani ndi kulimba mtima kuoneka bwino pa mbiri ya John Bunyan. Iye anabadwa m'caka ca 1628 pa mudzi wa Elstow, pafupi ndi Bedford m'dziko la England, ndipo nchito yace inali yokonza miphika yacitsulo. M'caka ca 1660 anagwidwa cifukwa ca kulalikira popanda cilolezo. Akadalonjeza kuleka, akadamasulidwa. Koma anakana, nakhala m'ndende zaka 12, mkazi wace ndi ana ace ali kusauka kunja. Kwa oweruza ace iye anali munthu wa liuma. Kwa anthu ambiri amene awerenga mbiri yace pambuyo pace, iye anali "steadfast." Munthuyo ndi mmodzi, ndipo cimene anacita ndi cimodzi, mau ndiwo aonetsa mbali imene wonenayo waima. Cifukwa cace wosankha pakati pa "obstinate" ndi "steadfast" adziwe kuti ali kuweruza mlandu.

Bunyan yemweyo analemba buku lochuka, The Pilgrim's Progress, limene linasindikizidwa m'caka ca 1678. M'bukumo munthu wina wochedwa Christian athawa m'mudzi woyenera kuonongeka, ndipo anansi ace awiri amthamangira kuti ambweze. Maina ao ndi Obstinate ndi Pliable. Obstinate samva ciri conse cimene Christian amuuza. Amseka, nabwerera kwao. "Pliable" ndi mau onena za cinthu copindika msanga, monga luzi launyowa. Iye abvomera pomwepo, nayamba ulendo mokondwa. Koma atagwa onse awiri m'thope la m'dambo, Pliable adzibvuula, nabwerera nayenso. Mmodzi anabwerera cifukwa sanamve za wina ali yense, ndipo mnzace anabwerera cifukwa analibe za iye mwini zoti aumirirepo. Wotsiriza ulendo ndi Christian, amene anamva malangizo abwino pa njira, koma sanalole kubwezedwa.

Motero mwana asanalembe "stubborn" kapena "obstinate" za munthu mnzace, adzifunse mafunso atatu. Kodi pali wina amene anayesa kumtembenuza munthuyu? Kodi iye anakana? Kodi cimene anakanaco cinali canzeru? Ngati mayankho onse atatu ndi inde, mauwo amuyenera. Ngati yankho lacitatu ndi iai, pakuti munthuyo anakana kunama, kapena kuba, kapena kusiya nchito yabwino, mwanayo afune mau ena, cifukwa ameneyo ndi wolimba mtima.

Mafunso

1. Konzani ziganizo izi: (a) He is a obstinate man. (b) The goats are stubborns. (c) My sister has stubborn. (d) This ox is more stubborner than that one.

2. Lembani maina a mkhalidwe obadwa kwa "stubborn" ndi "obstinate," ndi kuwerenga zilembo zace.

3. Mtsikana wina ayenda mtunda wautali tsiku ndi tsiku kudza ku sukulu, ndipo saleka ngakhale pa mvula. Ndi mau ati a Cingerezi amuyenera?

4. Mnyamata wina wabisa coko ca aphunzitsi kuti anzace aseke, ndipo atafunsidwa wabweza, napepesa. Kodi iye ndi "stubborn"? Fotokozani cifukwa cace.

5. Tembenuzirani m'Cinyanja: "He is too stubborn to ask the way." Pambuyo pace chulani mwambi wa makolo wogwirizana ndi ciganizoci.